Njinga ya Bambo ndi Khomo la Yunivesite

Pali akanema ochepa kwambiri otchuka pa dziko lonse amene munthu wa ku Ulónguè, ku Furancungo kapena ku Metangula angathe kuwatsatira ndi khutu lake, osadalira kwenikweni mawu omasulira olembedwa m'munsi. Mmodzi mwa iwo ndi The Boy Who Harnessed the Wind, amene anatuluka mu 2019 ndipo amapezeka pa Netflix. Anamukonza ndi Chiwetel Ejiofor, potsata buku la dzina lomwelo limene William Kamkwamba analemba pamodzi ndi Bryan Mealer mu 2009. Nkhani yake ndi yodziwika. Mnyamata wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu ku Malawi, achotsedwa sukulu chifukwa cha fizi m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ayamba kuwerenga yekha mabuku a sayansi, kenaka amanga makina oyendera mphepo ndi zitsulo zotola kudzala pamodzi ndi njinga ya bambo ake.

Ambiri akamaliza kuonera amanyamuka ndi phunziro limodzi, loti mwana wanzeru sagonja. Phunziroli n'loona, koma limaphimba anthu awiri amene asenza nkhani yonseyi pamutu: a Trywell ndi mayi Agnes, makolo ake a William monga momwe kanemayu wawajambulira. Munthu akawayang'anitsitsa awiriwa amapeza kuti kanemayu ndi wakuthwa pamene akuonetsa zimene makolo amataya kuti mwana akhale ku sekondale. Koma amabuntha akafika pa funso limene limasowetsa tulo makolo ambiri a ku Tete ndi ku Niassa: mwana akamaliza sekondale amadutsa pati kuti akalowe yunivesite, nanga kholo limene silinafikeko m'makalasi amenewo lingamuthandize bwanji?

Yunifolomu, palafini ndi makalendala awiri

Chakumayambiriro kwa kanemayu William apeza makolo ake atamukonzera yunifolomu yatsopano, ndipo nkhope ya bambo ake ikuwala ngati kuti ndiwo akukayamba sukuluyo. A Trywell alipira kagawo chabe ka fizi, zotsalazo akuyembekeza kudzapereka akakolola. Ku Malawi maphunziro a pulaimale anakhala aulere mu 1994, koma sekondale inali yolipira, ndipo Kamkwamba mwiniwake wakhala akunena kuti ndalama imene inamutulutsa m'kalasi inali pafupifupi madola 80 pachaka.

Ejiofor anaidula nkhaniyi m'magawo otsata chaka cha mlimi, kuyambira pa kufesa mpaka pa kukolola, kenaka njala, pomaliza mphepo. Kadulidwe kameneka kamaulula chinthu chimene mabuku ambiri olangiza makolo saona. Sukulu ili ndi kalendala yake, munda ulinso ndi yake, ndipo awiriwa sagwirizana. Sukulu imafuna ndalama mwezi umene nkhokwe yayamba kuoneka pansi, pamene ndalama ya mlimi imabwera chimanga chikauma ndiponso fodya akagulitsidwa. Kholo la ku Angónia kapena ku Tsangano silifunika kulifotokozera zimenezi. Kunonso chaka cha sukulu chimatsegulidwa m'kati mwa dzinja, feteleza atadya kale ndalama imene inalipo. Lamulo 18/2018 linakweza maphunziro okakamiza kufika kalasi 9, ndipo limenelo ndi phazi lalikulu. Komabe yunifolomu, makope, nsapato ndi lendi ya kachipinda pafupi ndi sukulu zimachokerabe m'thumba la kholo, ndipo makalasi atatu omaliza, 10 mpaka 12, amene amafikitsa mwana pakhomo la yunivesite, ali kunja kwa malire a maphunziro okakamizawo.

Palinso kachigawo kena kachidule kamene ambiri sakakumbukira. William akufuna kuwerenga usiku pokonzekera mayeso, koma auzidwa kuti palafini ndi wochepa. Palibe kukalipa, palibe nyimbo yomvetsa chisoni. Nyale ingozima basi. Malangizo amene amaperekedwa kwa makolo m'misonkhano ya kusukulu kawirikawiri amati mwana apatsidwe malo abata ndi nthawi yowerengera, ngati kuti zimenezi zimangofuna mtima wabwino. Kanemayu akuonetsa kuti ola limodzi lowerenga lili ndi mtengo wake, ndipo kholo limene likukaniza nyale likhoza kukhala lomwelo limene linagulitsa mbewu kuti ligule yunifolomu.

Chifukwa chake a Trywell anakaniza njinga

Pachimake pa nkhaniyi pali mkangano wa njinga. Njala yafika posauzana, banja likudya kamodzi patsiku, chimanga chochepa chimene chinalipo chabedwa. William apempha njinga ya bambo ake kuti aiphwasule, apangire makina opopa madzi. A Trywell akana mwaukali, aswa kachitsanzo kamene mwanayo anawabweretsera, n'kumulamula kuti atenge khasu.

Oonera ambiri amawaweruza msanga bambowa kuti ndi ouma mutu, oimira umbuli umene sayansi iyenera kuugonjetsa. Ejiofor, amene amasewera yekha mbali imeneyi, sanawajambule choncho. A Trywell ndi munthu amene anaika chuma chake chonse pa sukulu. Mayi Agnes amanena poyera kuti banja lawo linasankha kutumiza ana kusukulu m'malo modikira mvula ndi mapemphero okha monga ankachitira makolo akale. Tsono sukuluyo yawabwezera chiyani? Mwana wamkazi wophunzira ali pakhomo, mwana wamwamuna wathamangitsidwa. M'kanema yense, uthenga waukulu umene sukulu ikutumiza kubanjali ndi wa ngongole. Palibe mphunzitsi amene akhala nawo pansi kuwauza kuti mwana wawo ali ndi mphatso yotani, kapena kuti zimene akuphunzira m'kalasi ya sayansi zikukhudzana bwanji ndi chitsime chawo. Kenaka mwadzidzidzi akupemphedwa kupereka chuma chomaliza cha pakhomo chifukwa cha nzeru imene sanaionepo ikugwira ntchito. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Njinga inali pamphuno. Makina a William, panthawiyo, analidi a mphepo.

Apa ndi pamene chilankhulo chimalowa. M'kalasi, pa mzere wa m'mawa ndi mu laibulale mumamveka Chingerezi. Kumunda, pamaliro ndi pa mphasa yodyera, Chichewa ndicho chimamveka kwambiri. Buku limene linatsegula maso a William, lotchedwa Using Energy, linali la Chingerezi, ndipo iye mwini anafotokozapo kuti Chingerezi chake chinali chochepa moti ankadalira zithunzi ndi zojambula kuti amvetse mawu ozizungulira. Mwana anawoloka mtsinjewo movutikira, payekha. Kuti awolotsenso bambo ake anafunika kumasulira sayansi ya dayinamo ndi batire m'chilankhulo chimene sukulu sinaiphunzitsemo. Kanemayu akuonetsa mpata umenewu momveka bwino, koma sautchula dzina, ndipo amauthetsa ndi misozi: mayi Agnes awakumbutsa amuna awo zonse zimene banjalo lataya kale, mtima wa bambo usweka, njinga iperekedwa. A Trywell apereka njingayo chifukwa chokonda mwana ndi kutopa ndi kutaya. Palibe pamene tikuwaona atamvetsa.

Ofufuza za maphunziro a zilankhulo ziwiri amaudziwa mpata umenewu. Kuyambira 1993 mpaka 1997, bungwe la INDE linayesa ntchito ya PEBIMO m'zigawo ziwiri: ku Gaza ana ankaphunzira mu Xichangana ndi Chipwitikizi, ku Tete m'Chinyanja ndi Chipwitikizi. Carol Benson, amene anaunika ntchitoyi, anapeza kuti ana ankalankhula momasuka m'kalasi ndipo makolo anailandira bwino. Maphunziro otere atakhazikitsidwa m'sukulu za boma kuyambira 2003, Feliciano Chimbutane anaonetsa m'buku lake la 2011 kuti chilankhulo cha kumudzi chikalowa m'kalasi, nzeru za makolo zimalowa nacho limodzi, ndipo kholo limakhala munthu wofunsidwa. Vuto n'lakuti zonsezi zimathera ku pulaimale. Mayi amene ankatha kutsegula kope la mwana wa kalasi 2 n'kumuwongolera mawu, mwanayo akafika kalasi 10 amangoona zilembo. Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti anthu amene Chipwitikizi ndi chilankhulo chawo chobadwa nacho sakwana mmodzi mwa asanu alionse m'dziko muno. Choncho zaka zimene mwana akupanga zisankho zazikulu kwambiri ndi zomwezo zimene makolo ambiri amatsekeredwa kunja.

Annie, amene anafika pakhomo n'kubwerera

Munthu amene kanemayu wamulakwira kwambiri ndi Annie, mlongo wake wa William, amene mbali yake amasewera Lily Banda. Mwa ana onse a m'nkhaniyi, iye yekha ndiye wachita zimene sukulu imalamula. Waphunzira, wakhoza, ndipo maso ake ali ku yunivesite. Mayi ake amamulimbikitsa kuti moyo wake usadzathere pa mafuwa. Koma ndalama palibe, ndipo njala itakula Annie athawa ndi mphunzitsi wa sayansi, a Kachigunda, poganiza kuti pakhomo pachepa pakamwa pamodzi. Pochoka asiyira William dayinamo ya pa njinga ya mphunzitsiyo, imene ikhala mtima wa makina aja.

Mwa kalukidwe ka nkhani, zimenezi n'zogwira mtima. Koma tanthauzo lake n'lowawa kuposa momwe kanemayu akuvomerezera. Tsogolo la mtsikana lasinthanitsidwa ndi kachitsulo kamene kadzatchukitsa mnyamata. Annie akangochoka, nkhani imuiwala n'kuthamangira ku nsanja ya mitengo ndi madzi otuluka m'paipi. Funso loti mtsikana wakhoza bwino uyu akanalowa bwanji yunivesite, akanafunsira kwa yani, ndalama zake zikanakhala zingati, silifunsidwa n'komwe. Ubwenzi wa mphunzitsi ndi mtsikana wa m'mudzi wosauka ukuonetsedwanso mofewa, ndipo William amaugwiritsa ntchito poopseza mphunzitsiyo kuti amulole kulowa mu laibulale. M'dziko limene linafika pokhazikitsa Lamulo 19/2019 loletsa maukwati a ana osakwana zaka 18, mphunzitsi woonetsa kanemayu kwa ophunzira sayenera kudutsa gawo limeneli mwakachetechete. Atsikana a m'kalasimo aliona ndithu, ndipo adziwa kuti mwa ana awiriwa, amene akufanana nawo kwambiri ndi Annie.

Zaka zimene zabisika m'mawu omaliza

Kanemayu amatha madzi akuyenda m'mizere ndipo mbewu zikumera m'chilimwe. Za sukulu ya William zimangonenedwa m'mizere yochepa yolembedwa kumapeto. Apa wokonza kanema wapinda mbiri m'njira ziwiri. Choyamba, makina oyamba a Kamkwamba sanathetse njala. Ankayatsa mababu ndi kuliza wailesi kunyumba kwawo, ndipo zopopa madzi zinabwera patapita zaka. Chachiwiri, makinawo sanamubwezere kusukulu nthawi yomweyo. Anakhala pakhomo pafupifupi zaka zisanu.

Chimene chinasintha zinthu ndi anthu. Mu 2006 Dr. Hartford Mchazime, katswiri wa maphunziro amene kafukufuku wake wa digiri ya udokotala anali wokhudza Chingerezi ngati chilankhulo chophunzitsira ku pulaimale, anamva za makinawo, anapita kukawaona, n'kubweretsa atolankhani. Nkhani inatuluka mu nyuzipepala ya Daily Times, inafalikira pa intaneti, ndipo mu 2007 Kamkwamba anaitanidwa ku msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha, m'dziko la Tanzania. Kumeneko kunapezeka anthu olipira maphunziro ake. Anaphunzira ku Lilongwe, kenaka ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo mu 2014 anamaliza digiri yake ku Dartmouth College ku United States, ali ndi zaka 26.

Ulendo umenewu ndiwo unali woyenera kuonetsedwa kwa makolo, chifukwa ukuphunzitsa zosiyana ndi zimene mathero a kanemayu akuphunzitsa. Nzeru za mwana pazokha sizinatsegule khomo. Panafunika woyang'anira laibulale womuthandiza mawu ovuta, munthu wodziwa maofesi, mtolankhani, olipira fizi ndi aphunzitsi omukonzekeretsa mayeso. Mutu umodzi susenza denga. Kholo loonera kanemayu osadziwa zimenezi likhoza kupita kunyumba likuganiza kuti mwana wake akapanda kupanga chozizwitsa ndiye kuti sukulu si yake.

Njira ya kuno ilibe chozizwitsa

Mwana wa ku Macanga kapena ku Lago safunika kuitanidwa ku Arusha. Njira yake ndi ya masitepe odziwika, ndipo sitepe iliyonse ili ndi tsiku ndi mtengo wake. M'makalasi omaliza a sekondale amasankha mbali ya Letras kapena ya Ciências, ndipo chisankho chimenechi chimatsegula maphunziro ena n'kutseka ena. Akakhoza mayeso a kalasi 12 ntchito sinathe, chifukwa mayunivesite a boma monga Universidade Eduardo Mondlane ali ndi mayeso awoawo olowera, exames de admissão, amene amalembedwa m'Chipwitikizi pa maphunziro ogwirizana ndi kosi imene wasankha. Kulembetsa kumafuna chiphaso cha BI, ndalama yolembetsera, ndiponso foni kapena kompyuta yokhala ndi intaneti. Pamwamba pake pali ndalama ya ulendo wopita kumalo olembera mayeso. Makomo enanso ali pafupi kuposa Maputo: UniZambeze ili ndi nthambi ya zaulimi ku Ulónguè, mumzinda wa Tete muli Instituto Superior Politécnico de Tete ndi UniPúnguè, UniLúrio imaphunzitsa zaulimi ku Unango m'chigawo cha Niassa, ndipo pali sukulu zophunzitsa aphunzitsi. Boma lilinso ndi Instituto de Bolsas de Estudo loona za bolsa. Ngakhale Chinyanja chenichenicho chili ndi malo ake, pakuti Eduardo Mondlane imapereka digiri ya kaphunzitsidwe ka zilankhulo za Chibantu.

Mwa zonsezi palibe chimene kholo losaphunzira lingalephere kumvetsa. Munthu amene amadziwa kuwerengera matumba a feteleza, kusunga mbewu ndi kudikira mtengo wa soya kuti ukwere angathenso kukonzekera mayeso a mwana wake, bola auzidwe nthawi ikadalipo ndiponso m'chilankhulo chake. Chosowa ndi womuuza. Zidziwitso zimenezi zimatuluka m'Chipwitikizi cha m'maofesi, zimamatidwa pa khoma kapena kuikidwa pa intaneti, ndipo zimafika kumudzi kudzera mwa mwana yemweyo, nthawi zambiri tsiku lomaliza litayandikira. Kholo limangomva kuti pakufunika ndalama mawa. Likakana, limaoneka ngati a Trywell.

Chichewa cha m'kanemamu

Sizingatheke kutseka nkhaniyi osanenapo za kalankhulidwe. Ejiofor ndi wa ku Britain, Aïssa Maïga amene amasewera ngati mayi Agnes anabadwira ku Senegal n'kukulira ku France, ndipo Maxwell Simba, William wa m'kanemamu, ndi wa ku Kenya. Onsewa anachita kuphunzira Chichewa chifukwa cha ntchitoyi, ndipo khutu la mwini chilankhulo limamva msanga. Mawu ena amatsika pamene anayenera kukwera, ziganizo zina zimatuluka ngati zowerengedwa papepala, moti pamalo pofunika kulira oonera ena amaseka. Lily Banda akayankhula, kusiyana kwake kumaonekeratu. Uku ndi kufooka kwenikweni, ndipo kukanachepa akanapatsa Amalawi mbali zikuluzikulu zambiri. Komabe chisankho chojambula kanemayu ku Kasungu komweko ndi kulola banja kukangana, kukondana ndi kulira m'Chichewa n'choyenera ulemu. Njira yapafupi inali yoti onse alankhule Chingerezi, ndipo akanatero mpata uja wa pakati pa kalasi ndi khomo sukanaoneka n'komwe.

Woyenera kuonera ndani

Kanemayu amaonetsedwa kawirikawiri kwa ana kuti alimbikire. Angapindule kwambiri ataonetsedwa kwa makolo ndi aphunzitsi atakhala pamodzi, pa msonkhano wa Conselho de Escola, zokambirana zake zili m'Chinyanja. Woyendetsa msonkhano angachite bwino kumuimitsa pamene a Trywell akukaniza njinga, n'kufunsa aphunzitsi kuti sukulu inachitapo chiyani kuti bambowa amvetse. Angamuimitsenso pamene Annie akuchoka, n'kufunsa makolo kuti ndi atsikana angati a m'mudzimo amene anamaliza kalasi 12 ndipo ali kuti lero. Akatero, nthawi yotsalayo aigwiritse ntchito pa zimene kanemayu wasiya: mphunzitsi mmodzi aimirire, afotokoze m'Chinyanja kusiyana kwa Letras ndi Ciências, miyezi yolembetsera mayeso olowera, zikalata zofunika ndi ndalama zake. Msonkhano wotero uyenera kuchitika m'nyengo yokolola, ndalama zili m'manja, kuti kholo lipatule thumba limodzi kapena awiri likudziwa chimene likupatulira.

The Boy Who Harnessed the Wind ndi kanema wabwino, wojambulidwa mwaulemu, ndipo a Trywell ake ndi mmodzi mwa abambo osaiwalika amene aonekapo pa kanema wonena za dera lino. Kulephera kwake n'kwakuti anatsata mwana mmodzi amene dziko linamupeza, n'kusiya pa msewu mlongo wake amene anachita zonse zoyenera. M'sukulu za sekondale za ku Tete ndi ku Niassa, William angapezeke mmodzi pa zaka zambiri. Ofanana ndi Annie amamaliza kalasi 12 chaka chilichonse, ndipo makolo awo akudikira kuti wina awafotokozere njira.